Khoma Lachikasu la Atsibweni a Yotamu

Ana anga, mwakhala mukudabwa kuti ndimasintha nkhani munthu akayamba kuyamikira kampani imene ndinagwirako ntchito mpaka kupuma. Mumati: kodi si kampani imeneyo inatiphunzitsa, si ndiyo inakhoma malata a nyumba ino? Sindikana. Koma mutu uno ndaupereka kwa atsibweni anga a Yotamu, mlongo wawo wa agogo anu aakazi, amene ambiri a inu simunawaone. Dzina la kampani sindilitchula. Inu mukulidziwa, ndipo amene salidziwa sataya kanthu. Za ubwana wanga ndazilumpha poti zilibe chachilendo.

Chilimwe chimene ndinamaliza Fomu 4

Atsibweni anali ndi golosale pa kamsika kena kupitirira kwa Msakambewa, m'mbali mwa msewu wafumbi wokwera kulowera ku Ntchisi. Sitoloyo poyamba inali ya mmwenye, ndipo atsibweni anali telala wa pakhonde pake kwa zaka zambiri. Amwenye atauzidwa kuti achoke m'midzi akachitire malonda m'matauni, atsibweni anagulitsa ngolo ndi ng'ombe zake, nachoka pakhonde kulowa kuseri kwa kauntala. Makina osokera anawafunditsa nsalu nawakankhira kuchipinda.

Kampani imene ndikunenayi inali yakunja, eni ake anali kutsidya kwa nyanja zazikulu. Inkapanga zinthu zingapo, koma kumudzi inkadziwika ndi sopo wamtali uja wodula. Pa sopoyo ankadindapo nangula wa sitima. Kwathu kumapiri palibe amene anaonapo nangula, choncho anthu ankangoti sopo wa mbedza. Kampaniyo inali ndi mwambo wake. Mwini sitolo akalonjeza kuti sadzaika sopo wa wina aliyense pa shelefu, kampani inkatumiza anthu kudzapenta khoma lakutsogolo utoto wachikasu, kujambula nangula uja, ndi kulemba dzina la mwini sitoloyo pansi pake. Panalibe chosainirana. Kunali kugwirana chanza basi. Atsibweni anali asanaonepo dzina lawo litalembedwa malembo aakulu ngati mwana woyenda. Tsiku limene opentawo anamaliza, akuti anawoloka msewu nakhala pansi pa mtengo wa mbawa mpaka dzuwa kupendeka, kungoliyang'ana khomalo.

Galimoto ya kampani inkakwera kawiri pamwezi. Woyendetsa, amenenso anali wogulitsa, anali a Mwale, bambo wamfupi wokonda nthabwala, ndipo chakudya chamasana ankadyera kwa atsibweni. Tsiku lina ndikuwathira madzi osamba m'manja, atsibweni anati:

"A Mwale, mwana uyu ndi wa mlongo wanga. Wakhoza Fomu 4, Chizungu chimangotuluka ngati madzi a pampopi. Kampani yathu ilibe kamalo?"

"Yathu?" anatero a Mwale uku akuseka. "Yanu ndi ndani, a Yotamu? Eni ake amadya ndi mafoloko, sadziwa n'komwe kuti Dowa ndi munthu kapena ndi nyama."

"Musaseke. Khoma langa lavala malaya awo. Munthu savalitsa malaya ake mwana wa eni."

A Mwale anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Umatha kulankhula pagulu osanjenjemera, iwe?"

"Ndinkawerenga mawu m'chapelo cha kusukulu," ndinayankha.

"Basi, sopo ndi wosavuta kuposa Levitiko."

Kusukulu ya mishoni aphunzitsi anatizoloweretsa kulemba zochitika za tsiku lililonse, ndipo ine ndinali mmodzi wa ochepa amene anaugwira mwambowo ndi manja awiri. Madzulo ake ndinalemba kuti Mulungu wanditsegulira khomo, ndipo ndidzagwira ntchito moona mtima kuti atsibweni asadzadandaule kuti ananditchula. Ndinali ndi zaka zosakwana makumi awiri, ndipo ndinkakhulupirira kuti munthu akanena zoona zinthu zimawongoka zokha.

Zaka ziwiri zoyambirira, Mponela

Kampani inandilemba ntchito n'kunditumiza ku depoti yaing'ono ya pa Mponela. Ntchito yanga inali yoonetsa sopo. Ndinkakwera kutsogolo kwa galimoto ndi a Mwale, nditavala diresi lachikasu lofika pansi pa mawondo monga lamulo linkafunira. Tikafika pa sitolo ya khoma lachikasu tsiku la msika, a Mwale ankatsitsa makatoni, ine ndinkaika beseni patebulo pakhonde. Ndinkatenga nsalu yoyera, kuipaka katondo ndi mwaye, kuionetsa mbali zonse, kenako kuichapa mpaka thovu kusefukira. Ndikaikweza m'mwamba itayera, amayi ankalulutira ngati pa ukwati. Ndisaname, ntchitoyo ndinkaikonda. Ndinkaona ngati ndikuphunzitsa anthu ukhondo, ndipo ndinkalota kuti tsiku lina ndidzakhala mkazi woyamba kuyang'anira chigawo chonse.

M'maulendo amenewo ndinawadziwa eni masitolo a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Ambiri anali anthu amene analowa malonda mochedwa, atachoka ku munda, ku mgodi kapena ku uphunzitsi, ndipo ankaopa kuti anthu anena kuti Mmalawi sangayendetse sitolo ngati mmwenye. Khoma lachikasu linkawayankhira mawu amenewo. Linkauza aliyense wodutsa kuti kampani yaikulu yamudalira munthu uyu. Ena ankasunga pangano pakamwa pokha, sopo wa anthu ena ali pansi pa kauntala, ndipo a Mwale ankadziwa koma ankayang'ana kumbali. Atsibweni ayi. Wogulitsa wa kampani ina akaima pakhomo, ankamupatsa mpando, kumupatsa madzi akumwa, kenako kumulozera khoma n'kunena kuti, "Pepani achimwene, nyumba ino ili ndi mwini wake kale."

Sopo ankamudula ndi ulusi wosokera, osati mpeni, ati mpeni umadya sopo. Ankayeza ndi tepi yawo ya utelala kuti wamasiye ndi mkazi wa aphunzitsi alandire zidutswa zofanana. Wogula akadandaula mtengo, ankanunkhizitsa chidutswacho n'kuti, "Mwamva? Ameneyu si sopo wamba. Yemweyu akusamba anthu ku Mangalande." Sindikudziwa anazimva kuti. Ine ndinkadziwa kuti sopoyo ankapangidwa ku Blantyre, kwathu konkuno, koma sindinafune kuwatsutsa.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Kenako zinthu zinayamba kuvuta. Nkhondo ya ku Mozambiki inatseka njanji, mafuta a galimoto anayamba kusowa, ndipo zopangira sopo zinkafika mwa apo ndi apo. Koma dziwani, ana anga, kuti masiku amenewo munthu sankanena kuti chinthu chasowa m'dziko. Mawu amenewo ankatha kumveka ngati ukunyoza boma, ndipo ife a ku Dowa tinkadziwa bwino kumene anthu olankhula mosasamala ankapita, poti ndende ya Dzaleka inali pakhomo pathu. Choncho tonse tinaphunzira chiganizo chimodzi: katundu ali m'njira. Mchere unali m'njira, palafini anali m'njira, sopo nayenso anali m'njira.

Makatoni amene tinkakwera nawo kumapiri anayamba kuchepa, kenako maulendo eniakewo anayamba kudumphadumpha. A Mwale anawaphunzitsa eni masitolo nzeru yakuti asataye makatoni opanda kanthu, aziwasanja pa shelefu kuti sitolo isaoneke yamaliseche. Atsibweni anawasanja mpaka kudenga, nangula aliyense atayang'ana kutsogolo, ndipo m'mawa uliwonse ankawapukuta fumbi. Amayi kumidzi anabwerera ku madzi a phulusa ndi masamba a papaya. Ana a sukulu anayamba mphere.

Nthawi imeneyo kunatulukira bambo wina dzina lake a Gidiyoni. Anagwirapo ntchito m'fakitale ya sopo ku Halale, ndipo atabwerera anayamba kuphika sopo wakewake m'migolo kuseri kwa nyumba yake pafupi ndi Mponela, ndi mafuta a ng'ombe ndi soda. Sopo wake anali wotuwa, wosanunkhira, ndipo ankawawa pang'ono m'manja, koma ankachapa. Ankamunyamula panjinga, kukankha m'mitunda yonse ija. Tsiku lina Loweruka ndili kumudzi, ndinamupeza ali pakhonde la atsibweni, thukuta lili kamukamu.

"Sindikuti muchotse a kampaniwo, a Yotamu," ankatero. "Ndikungoti mundibwereke kakona. Sopo wawo akadzabwera, wanga ndidzachotsa ndekha."

"A Gidiyoni, mkazi wa mwini akapita mwamuna wake ku Joni, amabwereketsa kakona ka mphasa?"

Anthu amene anali pakhonde anaseka. Akazi a atsibweni, a Nangozo, sanaseke. Anasuzumira pazenera nati, "Wa ku Joni amatumiza ndi bulangete lomwe. Wanuyo watumiza chiyani? Tizidya makatoni?"

"Nangozo, nkhani za sitolo zisiye."

"Ndazisiya. Koma malaya anuwo mawa mupita nawo ku tchalitchi ali choncho."

Atsibweni anatembenukira kwa ine. "Nabanda, iwe uli mkati. Auze anthuwa. Katundu ali kuti?"

"Ali m'njira, atsibweni," ndinatero, ndipo tsiku limenelo ndinkakhulupirira kuti ndikunena zoona.

Patapita milungu ingapo tinalandira bwana watsopano woyang'anira chigawo chathu, a Jere. Anali munthu wophunzira, waukhondo, wolankhula mofatsa, ndipo sanali woipa mtima monga mungaganizire. Nayenso anali ndi omulamula. Anatisonkhanitsa m'depoti natiuza kuti likulu laganiza zoti galimoto isakwerenso kumapiri. Sopo wochepa amene alipo azipita ku masitolo aakulu a m'tauni ndi a m'mbali mwa msewu wa tala. Misewu yafumbi inkadya mafuta ndi matayala. Izi sizinali za nyengo yochepa ayi. Ngakhale zinthu zitadzakhala bwino, a kumapiri azidzatsika okha kudzaoda kwa ogulitsa a pikulitsa, ngati wina aliyense.

"Koma tikwerako ulendo umodzi," anatero. "Tikapentanso makoma onse. Utoto tili nawo wambiri."

A Mwale anakanda m'mutu. "Bwana, tikapente sitolo zimene sitidzapitakonso?"

"Khoma likakhala lathu, sitolo ndi yathu, ngakhale mulibe kanthu. Tikalisiya lisuluke, mawa mupeza wina walipaka zake."

Ine ndinakweza dzanja ngati m'kalasi, ndipo anzanga anaseka. "Bwana, nanga eni masitolo tikawauza kuti galimoto yasiya?"

"Esinati," anatero a Jere, ponditchula dzina langa la kusukulu, "ukawauza lero, mawa adzaza mashelefu ndi sopo wa m'migolo. Palibe amene wakutuma kukanama. Ukangokhala chete."

Mwezi wokolola, chaka chomwecho

Uthenga unatsogola kuti bwana wa chigawo akubwera yekha, ndipo ayambira pa sitolo ya a Yotamu poti ndiwo anali chitsanzo cha kukhulupirika. Atsibweni anamva uthengawo mwanjira imodzi yokha: sopo wafika. Analengeza ku tchalitchi, anatuma mawu kumidzi ya kuseri kwa phiri. Anapha mbuzi, a Nangozo anaphika mpunga. Pamene galimoto yathu inkakhota pa mtengo wa mbawa uja, ndinaona mzere wa amayi kuyambira pakhonde mpaka pa chigayo, ena atakhala pa mabeseni awo, ena ana kumbuyo. Atationa anaimirira nayamba kululutira. Atsibweni anali pakhomo atavala jekete lawo la Mgonero.

A Mwale anatsegula kumbuyo kwa galimoto pang'onopang'ono, ngati munthu wotsegula bokosi la maliro. Munatuluka makwerero, zitini za utoto, openta awiri amene anakwera kumbuyoko, ndi mpukutu wa makalendala. Nthungululu zinayamba kuzima kuyambira kutsogolo kwa mzere kupita kumbuyo. Atsibweni anasuzumira mkati, nayang'ana kuseri kwa zitini, nayang'ananso. Kenako anamwetulira nati kwa anthu, "Galimoto yaikulu ikubwera m'mbuyo. Iyi ndi yokonza malo." Palibe wa ife amene anawauza zimenezo, ndipo palibe amene anawatsutsa.

A Jere analankhula mawu abwino. Anayamika boma chifukwa cha chitukuko, anayamika a Yotamu, nawapatsa kalendala. Kenako anandikodola. "Anthu achuluka chonchi, osataya mwayi. Konza beseni lako."

"Bwana, lero?"

"Si ntchito yako kodi?"

Ndinali ndi chidutswa chimodzi cha sopo chimene tinkasungira zoonetsa. Ndinaika beseni patebulo. Ndinapaka nsalu katondo ndi mwaye, ndinaionetsa mbali zonse. Amene ankandiyang'anawo sanali alendo. Panali amene anandinyamula ndili khanda, panali anzanga a ku pulayimale amene anakwatiwa ine ndikupita ku sekondale. Ndinayamba kuchapa, ndikunena mawu anga a masiku onse, akuti mayi wanzeru amasankha sopo wa nangula. Thovu linakwera, fungo linafalikira pakhonde ponse. Palibe anaombera m'manja. Nditakweza nsalu yoyera ija, kunangomveka burashi ya wopenta ikukwecha khoma pamwamba pa mitu yathu.

Ndinanyamula beseni kuti ndikataye madzi kuseri monga mwa nthawi zonse. Mayi wina wachikulire, amene tinkapemphera naye mpingo umodzi, anandigwira mkono.

"Mwanawe, madziwo usataye. Thira muno."

Anatchera beseni lake. Ndisanathire, ena anafika ndi zikho, ndi makapu, ndi timabigiri. "Inenso pang'ono, Nabanda, matewera a mwanayu." "Usamalize, enafe tilipo." Ndinagawa madzi akuda a katondo ndi mwaye, nditavala diresi langa lachikasu lochapidwa bwino, ndipo aliyense wolandira ankapinda bondo n'kunena zikomo. Pa moyo wanga wonse sindinachitepo manyazi ngati amenewo. Ndinkafuna nthaka ing'ambike.

Alendo atakhala pansi kuti adye, ndinawaitanira atsibweni kuseri kwa sitolo, pafupi ndi khola la nkhunda. Ndinagwada monga mwa mwambo. Ndinadziwa kuti ndikuika ntchito yanga pamoto, koma ndinkaganiza kuti akangomva, athokoza.

"Atsibweni, kulibe galimoto yaikulu. Ndipo iyinso sidzabweranso. Anatiuza ku ofesi. Mawa lomwe tumizani mawu kwa a Gidiyoni, anthu asanazolowere kwina."

Atsibweni anandifunsa kuti, "Wakutuma ndani? Gidiyoni?"

"Palibe wandituma. Ndinali m'chipindamo pamene ankanena."

"Ndiye utotowo? Munthu amapenta nyumba imene akusamukamo?"

"Akufuna khoma lokha, atsibweni. Kuti wina asalitenge."

"Nabanda," anatero atsibweni, "diresi wavalalo ndi la ndani? Chakudya umadyacho ndi cha ndani? Ine ndinakupereka ndi manja anga kwa anthu awa, lero ukuwadyera miseche kuseri kwa nyumba yanga, iwo ali pa mphasa yanga? Sukulu ndi imeneyi?"

Sindinayembekezere zimene anachita kenako. Anandigwira dzanja ngati mwana wakuba mango, nandikokera kutsogolo kumene a Jere ankadya, anthu onse ali pomwepo.

"Bwana, pepani kukudulani. Mwana uyu ndi wanga, mumukhululukire, ndi ubwana. Akuti galimoto yasiya kubwera kuno. Muuzeni nokha pamaso pa anthu, kuti asakafalitse bodza."

A Jere anaika fupa pansi. Anapukuta zala chimodzichimodzi. A Mwale anaweramira m'mbale. Ndikukhulupirira kuti kwa kanthawi kochepa a Jere anafuna kunena zoona. Koma pakhondepo panalinso anyamata a chipani amene ankaona makadi pamsika, ndipo makutu awo anali chilili.

"A Yotamu," anatero, "kampani siitaya anthu ake. Katundu ali m'njira."

"Mwamva?" atsibweni anafuula kwa anthu. "Mwamva nokha!" Kenako kwa ine, motsitsa: "Pepesa."

Ndinagwada pa fumbi, pamaso pa mudzi wonse, ndipo ndinapepesa.

Pobwerera a Jere sanakalipe. Tikutsika chitunda anangoti, "Esinati, ukudziwa kuti mawu ako aja angamveke bwanji? Kuti m'dziko muno zinthu zikusowa mpaka magalimoto aima. Wina akanawanyamula, lero sukanagona ku Mponela. Ndakuteteza." Mwina ankanena zoona. Sabata yotsatira anandichotsa pagalimoto nanditumiza ku nyumba yosungira katundu ku Lilongwe, kumene munthu amalankhula ndi makatoni okha. Ndiko ndinakhala mpaka kupuma kwanga. Pondisiya pa basi, a Mwale anandipatsa kachidutswa ka sopo kokulunga m'nyuzipepala nati, "Iwe mwana, Levitiko uja unamumvetsa kwambiri. Pita bwino."

Zaka zotsatira

Zimene zinachitika kumudzi ndinkazimva kwa amayi anga. A Gidiyoni anabweranso kawiri, atsibweni anawabweza. Ulendo wachitatu sanaime n'komwe. Anawoloka msewu kupita kwa mnyamata wina amene anali ndi kaokala ka udzu kogulitsa machesi ndi ndudu. Kaokalako kanalandira sopo wotuwa uja. Ndipo munthu akapita kogula sopo sabwerera kuwoloka msewu kuti akagule mchere. Amagula zonse pomwepo. Chisanathe chaka kaokala kanasanduka nyumba ya njerwa. Ngakhale a Nangozo ankatuma munthu mozemba kukagula kumeneko, n'kumachapira kudambo kuti amuna awo asaone.

Zinthu zitayamba kupezekanso, sopo wa nangula anabwerera m'masitolo a pikulitsa ku Mponela. Eni masitolo ena a makoma achikasu anatsika panjinga kukaoda okha. Mnyamata wa kutsidya kwa msewu uja nayenso anakaoda, naika sopo wa nangula pambali pa wa a Gidiyoni, popanda womuletsa. Atsibweni anakana kutsika. Ankati iwo si munthu wokaima pamzere kwa wopikulitsa, iwo kampani imawapeza pakhomo, ndipo bwana ananena yekha anthu akumva. Pofika nthawi imene akanasintha maganizo, analibenso chokaodera. Sitolo inatsekedwa, mkati anayamba kusungiramo fodya wa anthu, ndipo iwo anabwerera pakhonde ndi makina awo osokera, maso atayamba kale kuchita khungu.

Kwa nthawi yaitali sankandilankhula. Ndikapita kumudzi ankayankha moni wokha. Ine ndinkalandira malipiro mwezi ndi mwezi kuchokera ku kampani yomweyo, ndikusanja sopo mpaka kudenga, ndipo sindinasiye ntchito. Ndinali nditakwatiwa, ndinali ndi azing'ono anga kusukulu. Zifukwa zinalipo, ndipo zinali zoona, koma sizinkandithandiza ndikamadutsa pakhonde lija.

Chaka chimene unabadwa iwe, Tiyamike

Ndinapita nawe kumudzi kukakuonetsa. Atsibweni anakunyamula, nakuyang'anitsitsa pafupi ndi nkhope chifukwa cha maso aja, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiuza kuti ndikhale pa benchi pambali pawo. Tinakamba za mvula ndi za mitengo ya fodya. Ndinkadikira kuti mwina anena kuti, Nabanda, unkanena zoona. Ndinali nditakonzeratu yankho lofatsa. Koma tsiku lonyamuka anatuluka kuseri atanyamula tambala wamkulu wofiira, womanga miyendo ndi luzi.

"A Jere akadali pa ntchito?"

"Alipo, atsibweni. Anawakweza, tsopano ali ku ofesi ya ku Lilongwe konko."

"Eya, munthu wabwino amakwera. Ukawapatse uyu. Ukanene kuti Yotamu wa ku Dowa akupereka moni, ndipo pa shelefu yake sipanakhalepo sopo wa munthu wina. Tsiku lija anachoka asanakhute, chifukwa cha iwe."

Ndinakwera basi, iwe kumsana, tambala m'manja. Lolemba ndinapita naye ku ofesi. Ndinadikira pakhomo mpaka mlembi atandilola, ndipo ndinanena uthenga wonse monga anandiuzira, osachotsa liwu. A Jere anali atanenepa, tsitsi litayamba imvi. Anamwetulira mwaulemu, nakweza tambala kumuyesa kulemera.

"Yotamu, Yotamu," anatero. "Ndi wa sitolo iti ameneyo?"

"Kupitirira kwa Msakambewa, bwana. Munadyako mbuzi."

"Aa, kumapiri kuja. Kunali masitolo ambiri." Anaitana mesenjala kuti akaike tambala m'galimoto, pamthunzi.

Pa Khirisimasi ndinapitanso kumudzi. Atsibweni anali pakhonde, akuyesa kulowetsa ulusi pa singano mopapasa. Atangomva mawu anga anasiya zonse, asanafunse n'komwe za mwana.

"Unawapatsa?"

"Ndinawapatsa, atsibweni."

"Anati chiyani?"

A Nangozo anali pakhomo ndi lichero, ndipo anandiyang'ana m'maso osaphethira. Ndinatenga singano ija m'manja mwa atsibweni, ndinalowetsa ulusi, ndinawabwezera.

"Anakondwa kwambiri," ndinatero. "Anati a Yotamu sangawaiwale."

Atsibweni anagwedeza mutu pang'onopang'ono, natembenukira kwa akazi awo.

"Wamva, Nangozo? Ndinkakuuza ine."

"Ndamva," anatero a Nangozo, napitiriza kupeta.